FUNSANI AMAKANIKA: Injini ikugogoda panyanja, vuto ndi dizilo kapena taiming'i?

Mwezi uno makalata ambiri achokera kunyanja, kaya mwachita kupangana kaya, ndipo pafupifupi onse akuzungulira pa nkhani imodzi, ma injini a dizilo omwe akugogoda, kufuka utsi komanso kukana kulira mmawa. Ndasankhapo asanu. Amene munafunsa za ma injini a petulo opachika kumbuyo kwa boti aja mudikire kaye, amenewo ndi mtundu wina, moto wake umachokera ku pulagi ndipo tidzawapatsa tsamba lawolawo.

FUNSO: Akulu, ine ndili ndi boti lathabwa lonyamula anthu ndi katundu, injini yake ndi ya dizilo ya masilinda anayi yomwe tinachotsa mu lole. Sabata zapitazi mafuta anasowa pa filing'i nde ndinagula zigubu zitatu kwa mavenda. Chithireni mafutawo injini ikumavuta kulira, ikalira ikumatulutsa utsi woyera wowawa mmaso komanso ikugogoda ngati muli munthu ndi hamala mkatimo, makamaka ikakhala pa silo. Makaniko wanga akuti taiming'i yathawa, akufuna amasule pampu ayipotoze pang'ono. Ndimulole? Mwini boti, Nkhata Bay.

YANKHO: Ayi bambo, musamulole kaye, muuzeni abweze sipanala mthumba. Mwanena nokha kuti vuto layamba chithireni mafuta a mzigubu, nde pampu yalakwa chani? Taiming'i, yomwe ndi nthawi imene pampu imapopera dizilo mu silinda, sithawa yokha usiku umodzi ngati mkaidi, pokhapokha mabawuti a pampu atamasuka kapena giya itadumpha dzino, ndipo zimenezo zimaoneka ndi maso.

Ndikufotokozereni zomwe zikuchitika mkatimo kuti mukamakambirana ndi makaniko wanuyo musamangogwedeza mutu. Injini ya dizilo ilibe pulagi. Pisitoni ikamakwera imafinya mpweya wokhawokha mpaka malo ake atachepa ka 16, ka 18 kapena kuposa apo, ndipo mpweya ukafinyidwa chonchi umatentha kudutsa madigiri 500. Pisitoni itatsala pang'ono kufika pamwamba penipeni, pomwe amakanika timati pa TDC, injekita imapopera dizilo ngati nkhungu mu mpweya wotenthawo. Koma sikuti dizilo amangolowa pompo moto buu ayi. Pamakhala kanthawi kodikira, timadontho tija tiyambe tasanduka nthunzi, tisakanikirane ndi mpweya, kenako ndi pomwe moto umagwira. Mmabuku kanthawi kameneka amati ignition delay ndipo nkochepa zedi, mukaduladula sekondi imodzi tizigawo 1000 nde ndi kachigawo kamodzi kapena tiwiri basi. Koma kalata yanu yonse yagona pa kanthawi komweko.

Munayatsako mbaula ndi palafini? Mukathira pang'ono nkuyatsa pompo, moto umagwira bwinobwino. Koma machesi akamakana inu nkumangowonjezera palafini, pomwe kamtengo kachitatu kazigwira moto wake umachita kuti phuu mpaka nsidze kupserera. Mu silinda ndi chimodzimodzi. Dizilo akachedwa kuyaka injekita siyidikira, imangopoperabe, nde pomwe moto uzigwira mumakhala mutadzadza kale mafuta ambiri, onse amaphulika kamodzi nkumenya pisitoni pamutu mmalo moyikankha. Hamala mukumva ija ndi imeneyo. Ndipo mafuta ena sayaka nkomwe, amangotuluka ku ekizozi ali osapsa, ndiwo utsi woyera wowawa mmaso uja. Pa silo zimanyanya chifukwa mu silinda mumakhala mosatentha kwenikweni.

Kufulumira kuyaka kwa dizilo amakuyeza ndi nambala yotchedwa cetane. Amatchula kuti siteni koma musaope, si uja wa mmunda wa Edeni kkk, ndi dzina chabe la mafuta ena ake oyaka mwachangu kwambiri omwe anawapatsa nambala 100, pomwe ena aulesi zedi anawapatsa 0, nde dizilo aliyense amamuika pakati pa awiriwa. Nambala ikakwera ndiye kuti moto umagwira msanga. Ku Ulaya lamulo lawo la EN 590 limati dizilo wa pamsewu asatsike 51, ku America amalola mpaka 40, ndipo pa muyezo wa mafuta a sitima wa ISO 8217 dizilo woyera wotchedwa DMA nayenso asatsike 40. Dizilo wochoka pa doko la Beira, Nacala kapena Dar es Salaam nkufika pa filing'i yovomerezeka amakhala kuti wayezedwa. Koma wa mchigubu ndani anamuyeza? Sindikunena kuti venda aliyense amasukuluza, ena ndi anthu achilungamo ndithu, koma chigubu chimodzi chimatha kudutsa mmanja mwa anthu anayi chisanakupezeni, wina wathiramo palafini kuti chidzadze, wina chigubu chake dzulo munali petulo, wina anachisiya pamvula chosatseka.

Nde chitani izi musanalipire munthu. Tungani mafutawo pansi penipeni pa thanki muike mbotolo loonekera mkati, mulisiye ola limodzi. Madzi amakhala pansi mzere wake woonekeratu, ndipo ngati mafutawo ali mbuu ngati thobwa losungunula ndiye kuti madzi asakanikirana nawo. Nunkhizaninso, petulo sabisala. Kenako pezani malita asanu okha a dizilo wa pa filing'i mu chigubu choyera, sinthani fyuluta, lowetsani paipi yokoka mafuta ndi yobweza mafuta zonse ziwiri mchigubumo, chotsani mpweya, lizani injini ndipo muyisiye mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu kuti mafuta akale atheretu mu pampu. Hamala ija ikasiya, mlandu watha, tsukani thanki basi.

Chomwe ndikukanira kupotoza pampu ndi ichi. Wakabaza aliyense akuuzani kuti pedulo umayiponda itangodutsa pamwamba, ukaponda isanafike imakubwezera mwendo, ukaponda itatsika kale mphamvu zako zapita pachabe. Injini nayo imafuna kuti moto ufike pachimake pisitoni itangodutsa TDC ndi madigiri ngati 10 mpaka 15. Amene anapanga injini yanu anawerengera kale kanthawi kodikira ka dizilo wabwino nkuika pampu poyenera. Makaniko akayipotoza lero kuti igwirizane ndi mafuta aulesiwa mwina phokoso lisintha ndipo mumuthokoza nkumugulira Fanta, koma mawa mukathira dizilo weniweni moto uzigwira pa nthawi yolakwika. Ngati anayipititsa patsogolo, moto uzimenya pisitoni ikadali kukwera, nde konzekerani gasiketi, ma ring'i ndi mabering'i. Ngati anayibweza mmbuyo, moto uzithera ku ekizozi nkumawotcha mavalavu. Ndipo izi sizichitikira pagombe ayi, zimadikira muli pakati pa Nkhata Bay ndi Chizumulu mwera utayamba.

Ikagogodabe pa mafuta abwino, yambani ndi mainjekita akayezedwe, kenako kompuleshoni ndi mpata wa mavalavu, taiming'i ikhale yomalizira. Chinanso poti mwati injini inachoka mu lole, funsani ngati thermostat, ija imaletsa injini kuzizira mopitirira, ilimo. Ambiri akamaika injini ya lole mu boti amayitaya nkumangopopera madzi a mnyanja molunjika, injini nkumayenda yozizira tsiku lonse. Injini yozizira imachedwetsa moto olo mafuta atakhala abwino bwanji, imafunika izikhala cha mma 80 digiri.

FUNSO: Ndine mnyamata wophunzira za ma injini a sitima. Tinaphunzira kuti sitima zikuluzikulu za pa nyanja yamchere zimayendera mafuta akuda olimba ngati phula omwe sayaka msanga. Nde zimatheka bwanji kuti izo sizivutika pomwe ka injini ka boti kamadandaula ndi palafini wochepa chabe? Komanso CCAI ndi chani, ndaiwerenga kangapo koma siikulowa. Wophunzira, Monkey Bay.

YANKHO: Mphwanga, funso lako ndalikonda ndipo yankho lake lili mu samu ya pulayimale. Tenga pensulo. Injini yozungulira ka 1800 pa mphindi ndiye kuti ikuzungulira ka 30 pa sekondi, uchulukitse ndi madigiri 360 upeza 10,800 pa sekondi, kutanthauza kuti pa kachigawo kamodzi ka tizigawo 1000 ta sekondi kilanki yayenda madigiri 10.8. Tsopano tenga chi injini cha sitima chozungulira ka 100 pa mphindi, pa kanthawi komweko chayenda madigiri 0.6 okha. Waona? Mafuta akachedwa kuyaka ndi kachigawo kamodzi kowonjezera, ka injini ka boti kataya madigiri pafupifupi 11, taiming'i yonse yasokonekera, pomwe chi injini chachikulu sichinamve nkomwe. Mafuta amachedwa potengera wotchi koma injini imawerenga madigiri, ukagwira pamenepa wagwira phunziro lonse.

Kuti uone kukula kwake, sitima ya makontena ya Emma Maersk yomwe inatuluka mu 2006 ili ndi injini ya Wärtsilä RT-flex96C ya masilinda 14, silinda iliyonse kukamwa kwake masentimita 96, pisitoni imayenda mamita awiri ndi theka kukwera ndi kutsika, mphamvu yake makilowati 80,080 koma imazungulira ka 102 kokha pa mphindi. Munthu utha kumawerenga ndi pakamwa. Injini ngati imeneyo ili ndi nthawi yokwanira yodikira mafuta aulesi. Amene amayamba kuvutika mu sitima momwemo mafuta akakhala oipa ndi majenereta, omwe amazungulira ka 720, 750 kapena 900, makamaka akakhala kuti katundu wa magetsi ndi wochepa ndipo masilinda azizira. Ukadzakwera sitima yaikulu ukamva jenereta ikugogoda mutangoyamba thanki yatsopano, usathamangire pampu, yamba wafunsa pepala la mafuta.

Mafuta akudawo ndi zotsalira akayenga zonse zabwino nkuchotsa. Odziwika kwambiri ndi RMG 380, nambalayo ikunena kulimba kwake pa madigiri 50, ndipo kuti adutse mu injekita amayamba awatenthetsa mpaka cha mma 130 kapena 140 digiri kuti asungunuke, atadutsanso kale mu makina ozungulira ochotsa madzi ndi zinyalala. Mafuta otere sungawaike mu ka injini koyezera cetane ka mu labu kaja, kamene kamazungulira ka 900 nkumasinthidwa kompuleshoni, sikanapangidwire phula. Nde akatswiri a kampani ya Shell mzaka za mma 1980 anapeza njira yachidule yongowerengera, ndiyo CCAI, nambala yoyerekezera kuchedwa kuyaka kwa mafuta akudawa. Umatenga zinthu ziwiri zomwe zimalembedwa pa pepala lobwera ndi mafuta, kulemera kwake ndi kulimba kwake, nkuziika mu fomula. Nzeru yake ndi yoti mafuta olemera kwambiri koma osalimba amakhala odzadza ndi tizigawo ta mafuta totchedwa ma aromatic, ndipo ma aromatic ndiwo aulesi pa moto. Pomwe ambiri amasokonezeka mpoti CCAI imayenda chobwerera, cetane ikakwera ndi bwino koma CCAI ikakwera ndi zoipa. Nthawi zambiri imasewera pakati pa 800 ndi 880, ndipo ISO 8217 imati pa RMG isadutse 870.

Koma ine CCAI sindiyikhulupirira ndi mtima wonse, ndi kuyerekeza chabe, ili ngati kuyeza ukali wa tsabola poyang'ana mtundu. Makamaka chiyambire pa 1 January 2020 pomwe bungwe loyang'anira za sitima pa dziko lonse la IMO linatsitsa sulphur wololedwa mmafuta a sitima kuchoka pa 3.50 kufika pa 0.50 peresenti, ogulitsa anayamba kusakaniza mitundu yosiyanasiyana kuti akwanitse lamulolo, ndipo mafuta awiri a CCAI yofanana atha kuyaka mosiyana. Ndi chifukwa chake kuli kuyeza kwina kwa IP 541 komwe amapoperadi mafutawo mu kachipinda kotentha nkuona mmene akuyakira. Koma mboni yeniyeni ndi injini yomwe. Injiniya wanzeru amatsegula kampopi ka pamutu pa silinda kotchedwa indicator cock nkuyeza mphamvu ya mu silinda, Pcomp ya kufinya kokha ndi Pmax ya pachimake pa moto. Pcomp ikakhala bwino koma Pmax yatsika ndipo ekizozi yatentha pa masilinda onse, ganiza za mafuta kapena taiming'i yochedwa. Ikakhala silinda imodzi yokha, mafuta alibe mlandu chifukwa onse akumwa chitsime chimodzi, yang'ana injekita kapena pampu ya silinda imeneyo.

Ndipo pa ma injini akuluwa kusuntha taiming'i chifukwa cha mafuta nkololedwa, anaikiratu njira yake. Pali VIT yomwe imasuntha yokha nthawi yopopera malinga ndi katundu, ma Sulzer akale anali ndi kachitsulo ka FQS kosinthira malinga ndi ubwino wa mafuta, ndipo ma injini atsopano ngati ma ME a MAN ndi ma RT-flex amangosintha pa kompyuta. Kusiyana kwake ndi makaniko wa ku Nkhata Bay uja nkoti awa amasintha akuyang'ana geji, amalemba mbuku, ndipo mafuta akasintha amabwezeretsa. Komanso sungangopititsa patsogolo mmene ukufunira, moto wofulumira umachulukitsa mpweya woipa wa NOx, ndipo malamulo a MARPOL, oletsa sitima kuipitsa nyanja ndi mpweya, amamanga injini iliyonse yoposa makilowati 130 pa sitima zomangidwa kuyambira 2000 kuti izikhala mkati mwa malire olembedwa mu technical file yake. Kuno kwathu Ilala ndi zinzake zimamwa dizilo woyera, za phulazi udzakumana nazo ukadzafika ku Nacala kapena Durban, koma pa mayeso zibwera ndithu nde uziwerenge.

FUNSO: Ndine mayi wa bizinesi ya usipa ndipo ndili ndi boti la injini ya dizilo. Nyengo ya mwera ikafika anyamata anga amati injini imamva chisanu nde amathira petulo pang'ono mu thanki kuti dizilo apse msanga, nthawi zina amapopera sipulei ija ya mkachitini. Akuti aliyense amatero. Nzoona? Mayi wa ku Nkhotakota.

YANKHO: Mayi, anyamata anuwo aganiza chobwerera. Petulo amagwira moto msanga mukamuyandikiza machesi, zoona, koma mu injini ya dizilo mulibe machesi, muli kufinya kokha, ndipo petulo anapangidwa dala kuti azikana kuyaka ndi kufinya, ndiyo ntchito ya octane imeneyo. Nde akathira petulo akutsitsa cetane, moto ukuchedwa kuposa kale. Kuwonjezera apo pampu ndi mainjekita zimadalira dizilo yemweyo ngati oyilo wake, petulo ndi palafini ndi owuma, zitsulo zimayamba kudyana ndipo pampu ya mtundu wozungulira ija siichedwa kufa. Koma chomwe chikundiopsa ine si pampu. Dizilo wa sitima lamulo limati asatulutse nthunzi yogwira moto asanafike madigiri 60, pomwe petulo amatulutsa nthunzi yotere olo kuzizire bwanji, nthunziyo ndi yolemera imatsikira pansi pa boti nkukhala phee, ndipo mu boti la usipa simusowa nyali kapena wina wosuta fodya. Aletseni lero lomwe.

Sipulei ija ndi ether, imayaka msanga mopyola muyezo pisitoni isanafike nkomwe pamwamba, ndiye kugogoda koopsa kumamveka ikangolira kuja. Kamodzi pa ngozi, pang'ono, chabwino, koma osayerekeza ngati injini ili ndi ma heater plug, aja otenthetsa injini isanalire, ndipo akuyaka. Anthu amati injini imazolowera sipulei ngati chidakwa, zoona zake nzoti imathyola ma ring'i, kompuleshoni nkutsika, nde mawa singalirenso popanda iyo. Chisanu cha June ndi July cha kunyanja si choti injini yabwino ingakanire kulira. Yezetsani batire ndi mawaya ake chifukwa sitata ikamazungulira mwaulesi mpweya sutentha mokwanira, yezetsani ma heater plug ngati alipo, kenako kompuleshoni.

FUNSO: Ine ndi makaniko, ndakhala ndikukonza magalimoto zaka zambiri koma za maboti ndangoyamba. Ndinachotsa pampu ya inline pa injini ya masilinda sikisi kupita nayo kokakonzetsa, nditabwezeretsa injini ikulira bwino, mwinanso mofewa kuposa kale, koma boti likasenza katundu likutulutsa utsi wakuda, ekizozi ikutentha mpaka penti kupsa ndipo liwiro latsika. Mafuta ndi a pa filing'i. Ndalakwitsa pati? Makaniko, Mangochi.

YANKHO: Achimwene, apa nde pomwe taiming'i tingayiitanire ku bwalo, chifukwa mafuta sanasinthe koma pampu ndi yomwe inachoka pamalo pake. Ndipo mwaulula nokha osadziwa pomwe mwati ikulira mofewa kuposa kale. Injini ya dizilo yofewa mopitirira, yotentha ku ekizozi, yofuka utsi wakuda ndi yopanda mphamvu, imeneyo moto wake ukuchedwa. Mafuta akupsa pisitoni itatsika kale, kutentha komwe kukanazunguza pulopela kukuthawira mu paipi. Eni maboti ena amasangalala nako kufewako, osadziwa kuti akuwotcha ndalama ndi mavalavu nthawi imodzi.

Njira yakale yomwe sinandinamizepo ndi spill timing. Zunguzani injini mpaka silinda nambala wani ikhale pa sitiroko ya kompuleshoni, mavalavu onse awiri otseka, ma rocker akugwedera mukawagwira. Apa musathamange, chizindikiro cha pa fulaiwilo chimabwera kawiri, china ndi cha sitiroko ya ekizozi ndipo chapusitsa amakanika ambiri, ine ndemwe chinandigoneka padoko tsiku lina mpaka usiku ndikutukwana pampu yosalakwa. Bwezani mmbuyo pang'ono kudutsa chizindikiro. Pa pampu chotsani delivery valve ya nambala wani ndi sipuling'i yake, muziike pa nsalu yoyera osati pa thabwa la mchenga, bwezerani chotsekera chake nkumangapo kapaipi kopindika ngati khosi la kakowa. Ikani rack, kachitsulo kowonjezera ndi kuchepetsa mafuta mu pampu, pa mafuta onse, popani ndi kapampu kamanja mafuta aziyenderera pa kapaipiko, nde wina azizunguza fulaiwilo pang'onopang'ono kulowera komwe injini imazungulira ikamalira. Mafuta aja azichepa, ayamba kudontha, kenako asiya. Pomwe asiyirapo ndi pomwe pulanja yatseka bowo ndipo kupopa kwayamba. Imani pomwepo muyang'ane fulaiwilo ngati chizindikiro chakumana ndi muvi. Kuona maso a nkhono nkudekha, bwerezani katatu, ndipo mukapitirira musangobweza pang'ono nkuwerenga, bwererani kutali nkubweranso chakutsogolo chifukwa magiya ali ndi mpata womwe umanamiza.

Madigiri ake sindikupatsani chifukwa injini iliyonse ili ndi ake, onani pa kachitsulo ka pa injini kapena mbuku lake, osatengera ya mnzanu. Ngati fulaiwilo ili ndi chizindikiro cha TDC chokha, yezani ndi tepi kuzungulira kwake mugawe ndi 360. Mwachitsanzo fulaiwilo yotambalala masentimita 40 digiri imodzi ndi mamilimita atatu ndi theka, nde muona nokha kuti kuphonya ndi chala chimodzi ndi madigiri anayi kapena asanu, okwanira kubweretsa zonse mwalembazi. Zikapanda kukumana masulani mabawuti a pampu kapena a kapuling'i musunthe pang'ono, mangani, yezaninso. Pomaliza musaiwale kubwezera delivery valve ija nkumanga pa muyezo wake.

Poti mwalowa za maboti mudzakumananso ndi ti injini ta silinda imodzi tonga ta chigayo tija. Timeneto taiming'i yake ndi timashimu topyapyala tokhala pansi pa pampu, mukawonjezera shimu mwachedwetsa, mukachotsa mwafulumizitsa. Anthu amatitaya poganiza kuti ndi gasiketi wamba nkudula ya katoni, kenako nkumadabwa. Komanso mapaipi opita ku mainjekita musamadule kapena kuika aatali osiyana, anawapanga ofanana dala kuti mafuta azifika nthawi imodzi.

Mukapeza kuti taiming'i ili bwinobwino, kumbukirani kuti boti si lole. Utsi wakuda pa boti umabweranso pulopela ikakulunga ukonde kapena chingwe, pansi pa boti pakamera ndere, kapena mwini wake akaika pulopela yaikulu kuposa mphamvu ya injini. Muuze mnyamata mmodzi adumphire mmadzi akaone, injini itazima ndipo kiyi ali mthumba mwanu. Fyuluta ya mpweya nayonso muyione.

FUNSO: Mu shopu ina ndinaona timabotolo tolembedwa cetane booster, akuti ukathira injini imakhala ndi mphamvu zambiri ndipo mafuta amakhalitsa. Ndigule? Woyendetsa boti, Likoma.

YANKHO: Akulu, mankhwalawo alipodi ndipo si ufiti, ambiri mwa iwo muli 2-ethylhexyl nitrate yemwe ngakhale kumalo oyengera mafuta amathira kuti akweze cetane. Amakweza ndi manambala ochepa, injini nkumalira msanga mmawa ndi kuchepetsa kugogoda ngati dizilo wanu anali wotsikirapo. Koma cetane si mphamvu. Mphamvu ili mu kulemera kwa mafuta pa lita, ndipo kabotolo ka mamililita 200 sikangawonjezere kanthu pamenepo. Dizilo akakhala kale wabwino, injini yanu ikangopeza cetane yoyikwanira, yowonjezerayo simuyimva nkomwe. Sikachotsa madzi, sikabweza mafuta osukuluzidwa ndi petulo kukhala abwino, sikakonza nozo yodontha. Ku Likoma komwe mafuta amachita kuwoloka nyanja mmigolo nkukhala nthawi asanathe, ine ndalama imeneyo ndikanagulira fyuluta yolekanitsa madzi ija ya kabakuli koonekera pansi, nkumakhetsa mmawa uliwonse musanalize injini, ndipo mgolo muziugoneka chopendeka pamthunzi kuti madzi a mvula asamakhale pa chitsekero. Mukagulabe kabotoloko tsatirani muyezo wolembedwapo, osathira konse kamodzi poganiza kuti boti liuluka.